Chiyambi cha Wailesi: Marconi ndi Wansembe Woiwalika

Tikamatchera khutu ku wailesi, nkoyenera kukumbukira amene analambula njira. M'chaka cha 1895, mnyamata wa ku Italy, Guglielmo Marconi, anayamba kutumiza mauthenga popanda waya pafupi ndi mzinda wa Bologna. Pa 12 Disembala 1901 uthenga wake unaoloka nyanja ya Atlantic, kuchokera ku Poldhu, ku England, kufika ku Newfoundland. Koma sanali mawu a munthu ayi: kunali kugogoda kutatu kokha koimira chilembo cha S.

Mmodzi mwa oyamba kutumiza liwu lenileni la munthu anali wansembe wa ku Brazil, Bambo Roberto Landell de Moura. Iwo anaonetsa makina awo pagulu mumzinda wa São Paulo m'chaka cha 1900, ndipo mu 1904 boma la America linawapatsa zikalata zitatu zotsimikiza kuti lusoli nlawo. Posowa owathandiza ndi ndalama, ntchito yawo inafera m'mazira. Anamwalira mu 1928 dzina lawo lisanamveke patali.

Marconi, amene anali ndi kampani yakeyake, ndiye anatchuka. Ndiyenso anamanga Wailesi ya Vatican, imene Papa Pio XI anatsegulira pa 12 Febuluwale 1931.