Kudzutsa mtima woima: kuchokera pa mvukuto kufika pa drone

Mtima wa munthu ukaima mwadzidzidzi, ubongo umayamba kuwonongeka pakangodutsa mphindi 4 mpaka 6. Zipangizo zonse zotsitsimutsira munthu, ntchito yomwe achipatala amaitchula kuti CPR, zinapangidwa pofuna kupulumutsa mphindi zochepazi.

Oyamba kuchitapo kanthu mwadongosolo anali anthu a m'mizinda ya ku Ulaya yomwe ili m'mbali mwa madzi, komwe kumira kunali kofala. Mu 1767 ku Amsterdam kunakhazikitsidwa bungwe lopulumutsa omira, ndipo mu 1774 ku London kunabadwa lina lomwe lero limatchedwa Royal Humane Society. Zida zawo zinali mvukuto wouzira mpweya m'mapapo ndi kachipangizo kopopera utsi wa fodya kudzera kumatako, poganiza kuti kutentha kwa utsiwo kudzutsa thupi. Za fodyazo zinasiyidwa, ndipo palibe amene anazilira.

Mbiri ya makina amagetsi odzutsira mtima inayamba ndi agalu. Mu 1899 ku Geneva, Jean-Louis Prévost ndi Frédéric Batelli anaona kuti magetsi ochepa amachititsa mtima wa galu kumangonjenjemera osapopa magazi, pamene magetsi amphamvu amaletsa kunjenjemerako. Panadutsa zaka 48 njirayi isanapulumutse munthu. Mu 1947 ku Cleveland, dokotala wa opaleshoni Claude Beck anagunditsa magetsi pa mtima weniweniwo wa mnyamata wa zaka 14, chifuwa chili chotsegula, ndipo mnyamatayo anachira. Mu 1956 Paul Zoll wa ku Boston anasonyeza kuti magetsi angathe kufika pamtima popanda kung'amba chifuwa.

Chodabwitsa n'chakuti chida chofunika kuposa zonse chinatulukira mwangozi pamene akatswiri ankakonza makina. Pa yunivesite ya Johns Hopkins ku Baltimore, injiniya wa zamagetsi William Kouwenhoven ankafufuza njira yopulumutsira ogwira ntchito pamawaya a magetsi. Mnzake wamng'ono, Guy Knickerbocker, anazindikira kuti akakanikiza zitsulo zolemera za makinawo pachifuwa cha galu, magazi ankayenda pang'ono ngakhale magetsi asanayatsidwe. Pamodzi ndi dokotala James Jude, mu 1960 iwo anafalitsa zoti manja awiri okanikiza chifuwa mobwerezabwereza angathe kuyendetsa magazi mpaka thandizo litafika. Pa nthawi yomweyo Peter Safar ndi James Elam anali atatsimikiza kuti kuuzira mpweya pakamwa kumathandiza. Njira ziwirizi zitaphatikizidwa, CPR ya masiku ano inabadwa, ndipo Asmund Laerdal, wopanga zidole ku Stavanger m'dziko la Norway, anaumba chidole chachikulu ngati munthu chophunzirirapo, chotchedwa Resusci Anne.

Vuto linatsala linali lakuti makina amagetsi ankakhala m'chipatala pomwe anthu ambiri ankagwera kunyumba ndi m'misewu. Frank Pantridge wa ku Belfast anakonza mu 1965 makina oti n'kukwezedwa mu ambulansi. Ankalemera pafupifupi makilogalamu 70 ndipo ankayendera mabatire a galimoto; pofika 1968 anali atawachepetsa kufika pa makilogalamu atatu okha. Komabe pankafunika dokotala woti awerenge kagundidwe ka mtima n'kugamula ngati magetsi akufunika, chifukwa si mtima woima uliwonse umene magetsi amaudzutsa. Umene wangoti zii osanjenjemera n'komwe, magetsi sauthandiza, ngakhale kuti mafilimu amaonetsa zosiyana.

Apa m'pamene kompyuta inalowerera. Kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1970 kunayamba kupezeka makina otchedwa AED, omwe amadziwerengera okha kagundidwe ka mtima kudzera pa zomata ziwiri za pachifuwa, n'kulankhula mawu ouza wothandizayo zoyenera kuchita. Mtima ukakhala wosafunika magetsi, makinawo amakana kuwatulutsa. Nzeru za dokotala zinalowa m'kabokosi koti mlonda wa pabwalo la ndege kapena mphunzitsi wa masewero angathe kukagwiritsa ntchito. Okonda mpira anaona phindu lake pa 12 June 2021, pamene Christian Eriksen wa timu ya Denmark anagwa pabwalo la Parken ku Copenhagen: anamukanikiza chifuwa, kumugunditsa magetsi pomwepo, ndipo patapita miyezi anabwereranso m'bwalo.

Makina atayamba kusunga zonse zochitika, anaulula chinthu chochititsa manyazi. Mu 2005 magazini ya zachipatala ya JAMA inafalitsa kafukufuku wa Lars Wik ndi anzake, yemwe anachitika pa ma ambulansi a ku Stockholm, London ndi Akershus. Zinapezeka kuti pafupifupi theka la nthawi imene mtima unali utaima, palibe amene ankakanikiza chifuwa, ndipo akakanikiza, nthawi zambiri sankafika pakuya pofunika. Amenewa anali akatswiri ophunzitsidwa bwino. Malangizo a masiku ano amati chifuwa cha munthu wamkulu chitsike masentimita 5 mpaka 6, maulendo 100 mpaka 120 pa mphindi, ndipo chiloledwe kubwerera chonse asanakanikizenso. Munthu amayamba kutopa pakangotha mphindi ziwiri, ndipo sazindikira kuti manja ake afooka.

Yankho lake linali kachipangizo koikidwa pakati pa dzanja ndi chifuwa, komwe kamayeza kuya ndi liwiro la kukanikiza pogwiritsa ntchito sensa yofanana ndi imene imatembenuza chithunzi pa foni ikapendekeka. Manja akafooka, makina amanena kuti akanikize kwambiri. Chipangizo china chimayeza mpweya woipa umene wodwala akutulutsa: ukakhala wochepa, ndiye kuti magazi sakuyenda mokwanira, ukakwera mwadzidzidzi, nthawi zambiri mtima wayambanso kugunda. Zidole zophunzirirapo nazonso tsopano zimatumiza zotsatira za wophunzira pa foni.

Ena anaganiza zochotseratu manja a munthu. Makina a LUCAS, omwe anakonzedwa ku Lund m'dziko la Sweden, ndi a AutoPulse anayamba kugwiritsidwa ntchito kuchiyambi kwa zaka za m'ma 2000. Amakanikiza chifuwa osatopa, osaphonya. Koma kafukufuku wamkulu wa LINC mu 2014 ndi wa PARAMEDIC ku Britain mu 2015 anapeza kuti opulumuka sanachuluke poyerekeza ndi pamene manja anagwira ntchito. Makinawa ali ndi malo ake, monga mu ambulansi yothamanga kapena mu helikopita momwe munthu sangaime bwino, koma chiyembekezo chomwe anabwera nacho chinali chachikulu kuposa zimene anachita. Chimodzimodzinso pulogalamu ya kompyuta yomwe inkamvetsera mafoni a ngozi ku Copenhagen: inkazindikira msanga kuti mtima waima, koma kafukufuku wa mu 2021 sanapeze kusintha kooneka pa kazindikiridwe ka olandira mafoniwo.

Zomwe zaonetsa phindu msanga ndi zofupikitsa nthawi yodikira. Ku Stockholm, foni ya ngozi ikalandiridwa, uthenga unkapita kwa anthu odziwa CPR omwe ali pafupi, ndipo mu 2015 zinapezeka kuti odwala othandizidwa ambulansi isanafike anakwera kuchoka pa 48 kufika pa 62 mwa 100 alionse. Mu December 2021 ku Trollhättan, bambo wa zaka 71 anagwa akuchotsa chipale chofewa pakhomo pake. Dokotala wodutsa anayamba kumukanikiza chifuwa, ndipo drone ya kampani ya Everdrone inatsitsa AED patangodutsa mphindi zitatu. Bamboyo anapulumuka.

Zonsezi zimadalira nambala ya ngozi yoyankhidwa, ambulansi yobwera ndi chipinda cha odwala mwakayakaya chowayembekezera. Kumayiko komwe zimenezi n'zosowa, luso lotsitsimutsa lapita patsogolo kwambiri m'chipinda chochirira, kwa makanda obadwa osapuma, omwe kawirikawiri amangofunika mpweya osati magetsi. Pulogalamu ya Helping Babies Breathe, yomwe inayamba mu 2010 ndipo inafikanso m'zipatala za ku Malawi, imaphunzitsa azamba pa chidole chotchedwa NeoNatalie kuti khanda lithandizidwe kupuma mphindi yoyamba isanathe. Ku Tanzania, kafukufuku wa mu 2013 anapeza kuti imfa za makanda m'maola 24 oyamba zinatsika ndi 47 peresenti m'zipatala zomwe zinalandira maphunzirowa. Ku Mbarara m'dziko la Uganda, dokotala wa ana Data Santorino ndi akatswiri a ku Boston anakonza kachipangizo kotchedwa Augmented Infant Resuscitator, kolumikizidwa pa thumba lopopera mpweya, komwe kamadziwitsa mzamba nthawi yomweyo ngati mpweya ukuthawira m'mbali mwa chophimba kumaso, ngati njira ya mpweya yatsekeka, kapena ngati akupopa mofulumira kwambiri.