Tiana ta mphaka ndi kachigamba ka pa diso

Amalawi a ku South Bend ku America timaudziwa msewu wa US 31, wotsikira ku Indianapolis, kumene kuli chipatala cha ana cha Riley chomwe chinatsegulidwa mu 1924. Mwana akabwerako atamatidwa kachigamba pa diso, agogo kumudzi amafunsa akaona chithunzi pa WhatsApp: mwatsekeranji diso labwinolo, lodwala n'kulisiya?

Njirayi ndi yakale. Buffon wa ku France analemba mu 1743 kuti diso lamphamvu likatsekedwa, lofooka limakakamizika kugwira ntchito. Chinkasowa ndi chifukwa chake imathandiza mwana koma kwa wamkulu n'kukanika, ndipo yankho linachokera kwa amphaka.

David Hubel ndi Torsten Wiesel, atasamukira ku Harvard mu 1959, ankalowetsa kawaya kochepetsetsa mu ubongo wa mphaka n'kumamvetsera pa sipika selo limodzilimodzi likuthetheka mzere wowala ukadutsa kutsogolo kwake. Kenako anatenga tiana ta mphaka, timene timatsegula maso patatha sabata imodzi kapena kupitirira pang'ono, n'kusoka chikope cha diso limodzi. Ndikaganiza za singano pa kachikope kotero thupi limandichita tsemwe, ngakhale kwathu mphaka ambiri sitimumvera chisoni, ati ndi wa afiti. Patapita miyezi anamasula ulusi. Disolo linali labwinobwino, koma kamphakako sikankaona nalo, chifukwa pafupifupi maselo onse a mbali ya ubongo yoonera anali atalandidwa ndi diso linalo. Zinali ngati munda wogonera umene mnansi wakankhira malire mpaka kuumeza wonse. Anafalitsa zimenezi mu 1963.

Mphaka wamkulu akamusoka chimodzimodzi, ankaonabe bwino. Mu 1970 Hubel ndi Wiesel anapeza nthawi yoopsa kwa kamphaka: imayamba sabata yachinayi, imakhala pachimake mpaka yachisanu ndi chitatu, n'kuzirala pofika kumapeto kwa mwezi wachitatu. Pachimakepo masiku atatu kapena anayi okha amakwana kuwononga. Awiriwa analandira mphotho ya Nobel mu 1981.

N'chifukwa chake madokotala a maso anasiya kudikira. Khanda lobadwa ndi ng'ala yokhwima m'diso limodzi amalichita opaleshoni lisanapyole masabata asanu ndi limodzi, kenako makolo amalimbana ndi kachigamba kwa zaka, mwana akulira ndi kukamatula. Ku chipatala cha maso cha Lions Sight First ku Blantyre ng'ala yomweyo amaichotsa, koma ana ambiri amafika akuyenda kale, abale atakhala akunena kuti kadiso kadzayera akamakula.