Munthu Wotchedwa Chimbalangondo

Inu amene mukhala m'mbali mwa nyanja ku Nkhotakota muwadziwa bwino masewera ogwetsana. Dzuwa likapendeka, asodzi atayanika makoka awo, anyamata awiri agwirana m'chiuno pamchenga, anzawo atawazinga. Sachedwa kukangana. Wina ati, "Ndakugwetsa," mnzake ati, "Iyayi, ndangoterereka." Pamenepo onse atembenukira kwa mkulu amene alikusoka ukonde pafupi ndi bwato, kuti iye anene amene wagwa. Mawu a mkuluyo pena athetsa mkangano, pena aukulitsa.

Masewerawa si a kwathu kokha. Agiriki anawalowetsa m'mpikisano wawo wa Olympic m'chaka cha 708 Khristu asanabadwe, ndipo mpaka lero mitundu ya anthu ipikisana nawo pa mpikisano umenewo. Kumeneko sagwetsana pamchenga koma pa mkeka wochindikala. Kumenya nkhonya n'koletsedwa. Wopambana ndiye amene agoneka mnzake chagada, mapewa onse awiri atakhudza mkeka. Zikalephereka zimenezo, oweruza awerenga mapointi.

Tsono ndifuna kukusimbirani za munthu mmodzi wa kutali amene anatha moyo wake wonse m'masewera amenewa. Poyamba anali wogwetsana, pambuyo pake mphunzitsi, ndiponso woweruza, monga mkulu wa pafupi ndi bwato uja. Dzina lake ndi Aleksandr Medved. M'chinenero cha ku Russia, mawu akuti Medved atanthauza chimbalangondo, chilombo champhamvu cha ku maiko ozizira.

Medved anabadwa m'chaka cha 1937 m'mudzi wa Bila Tserkva ku Ukraine. Masiku amenewo Ukraine inali chigawo cha dziko lalikulu la Soviet Union, limene linapasuka mu 1991. Iye ali ndi zaka pafupifupi zinayi, nkhondo yaikulu inafika kwawo, ankhondo a ku Germany nalanda mudziwo. Kugwetsana kwa malamulo sanakuyambe ali mwana ayi. Anakuphunzira ali kale msilikali ku Belarus, ndipo mzinda wa Minsk unasanduka kwawo.

Anachedwa kuyamba, koma sanachedwe kukwera. Mu 1962 anapambana mpikisano wa dziko lonse lapansi ku Toledo, ku America. Ulemu umenewu anautenga kasanu ndi kawiri m'moyo wake. Ku Olympic analandira mendulo ya golide katatu motsatizana: ku Tokyo mu 1964, ku Mexico City mu 1968, ndi ku Munich mu 1972. Amasimba kuti ku Mexico chala chake chachikulu chinaguluka polimbana ndi Wilfried Dietrich wa ku Germany, iye nachibwezera yekha m'malo mwake, napitiriza kulimbana.

Koma nkhani imene anthu sanaiiwale ndi ya ku Munich. Ogwetsana amawagawa m'magulu monga mwa kulemera kwa matupi awo, ndipo chaka chimenecho Medved anali m'gulu la olemera koposa, limene linalibe malire. Iye mwini analemera makilogalamu opitirira 100 pang'ono. Anakomana ndi mnyamata wa ku America, Chris Taylor, wolemera makilogalamu oposa 180. Taganizani matumba opitirira atatu ndi theka a mpunga, a makilogalamu 50 lililonse, atamangidwa pamodzi, ali ndi manja ndi miyendo. Munthu wotere mungamgwire pati? Manja sakomana kumbuyo kwake. Mukamkoka, akugwerani, mukamkankha, sasuntha.

Analimbana kolimba, ndipo palibe amene anagoneka mnzake chagada. Tsono m'masewerawa muli lamulo lakuti wogwetsana asamangoima osaputa mnzake. Wochita chotero achenjezedwa, ndipo mnzakeyo apindula pointi. Woweruza wa tsiku limenelo ananena kuti Taylor ndiye anali kuzengereza, namlanga. Medved anapambana ndi mapointi 3 kwa 2. Ambiri oonerera sanavomere. Akuluakulu a masewerawo anamchotsa woweruzayo kuti asaweruzenso pa mpikisano umenewo, koma chiweruzo chake sanachisinthe. Taylor analandira mendulo ya wachitatu. Sanabwerenso ku Olympic, ndipo anamwalira mu 1979 ali ndi zaka 29 zokha.

Kunena zoona, ine sindimuona Medved mlandu pa nkhani imeneyi. Iye sanadziweruze yekha, ndipo kulimbana ndi munthu wokuposa ndi makilogalamu ochuluka chotero osagonekedwa si chinthu chapafupi. Komabe pointi imodzi ija inachokera pakamwa pa munthu wachitatu, si m'manja mwa ogwetsanawo. Zaka zinayi za thukuta la anthu awiri zinapachikika pa maso a munthu mmodzi. Anyamata a pamchenga akakangana, mawa lake abwereza. Awiri aja analibe mawa lotere.

Medved anapitirira, nagonjetsa Osman Duraliev wa ku Bulgaria, yemwe anamgonjetsanso ku Mexico. Atatha, anagwada napsompsona mkeka pamaso pa anthu onse. Umo ndimo anatsazikira kugwetsana, ali ndi zaka pafupifupi 35.

Anabwerera ku Minsk nayamba kuphunzitsa achinyamata. Za ntchito imeneyi sitichulukitsa mawu, pakuti ntchito ya mphunzitsi ili chimodzimodzi ponseponse: kuonetsa mwana poponda phazi, kumdzutsa akagwa, ndi kubwereza chinthu chimodzi kufikira thupi lichidziwa lokha. Belarus itakhala dziko loima palokha, iye anali mmodzi wa otsogolera ogwetsana a dzikolo, ndipo mu 2004, ali nkhalamba, ananyamula mbendera yake potsegulira Olympic ku Athens.

Anakhalanso woweruza wa mipikisano ya maiko. Apa mpamene pali chodabwitsa cha mbiri yake. Potsegulira Olympic panali mwambo wakuti wopikisana mmodzi alumbire m'malo mwa opikisana onse, ndi woweruza mmodzi m'malo mwa oweruza onse. Mu 1980 masewerawo anachitikira ku Moscow, ndipo wosankhidwa kulumbirira oweruza anali Medved. Zinali zitapita zaka zisanu ndi zitatu chichokere ku Munich, ndi chaka chimodzi chimwalirire Taylor. Munthu amene anapindula ndi chiweruzo chokanganitsa anaima pamaso pa khamu lalikulu, nalonjeza m'dzina la anzake kuti adzaweruza mosakondera ndi motsata malamulo. Atatero anapita kukaweruza ogwetsana a chaka chimenecho.

Anamwalira ku Minsk pa 2 September 2024, kutatsala masabata awiri kuti akwanitse zaka 87.