Mawaya a Pamutu ndi Msewu wa ku Mpanshya

Pa 1 Epulo 1924, dziko la Northern Rhodesia linachoka m'manja mwa kampani ya British South Africa Company n'kuyamba kulamulidwa mwachindunji ndi boma la Britain. Patangopita miyezi itatu, mumzinda wa Jena ku Germany, dokotala wina wosakonda zolankhulalankhula, dzina lake Hans Berger, analumikiza mawaya pamutu pa mnyamata wa zaka 17 n'kupeza kuti ubongo wa munthu umatulutsa timphamvu ta magetsi timene tingathe kujambulidwa papepala. Anthu a Mfumu Mpanshya, Asoli a m'mapiri a kum'mawa kwa Lusaka, sanamve za Berger. Koma matenda amene makina akewo anadzatchuka nawo ankawadziwa bwino lomwe. Ankadziwa mwana wogwa khunyu pafupi ndi moto, ankadziwanso munthu wamkulu amene wangoyamba kulankhula yekha n'kumathawira kutchire.

Masiku amenewo nkhani yotere inali ya pabanja ndi ya ng'anga. Achibale ankayamba afufuza chimene chalakwika: kodi ndi mizimu ya makolo imene yakwiya, kodi wina wamulodza, kapena iye mwini anakhudza zosayenera kukhudza? Kenako pankabwera mizu yomwa, utsi wofukiza ndi mphini. Wodwala misala akavuta kwambiri ankamumanga. Palibe chifukwa chokometsera moyo umenewo. Wakhunyu ankapatsidwa mbale yakeyake poopa kuti malovu ake apatsira ena, ndipo kupeza banja kunali kovuta. Komabe wodwala ankakhala pamudzi, pakati pa anthu odziwa dzina lake ndi la agogo ake.

Boma la atsamunda linabwera ndi njira ina, yomwe cholinga chake chachikulu chinali bata. Munthu wosokonezeka mutu akachita phokoso pa boma kapena pa mgodi, ankayamba wasungidwa m'ndende. Amene aoneka kuti sachira ankakwezedwa sitima, kudutsa Livingstone ndi mlatho wa pa Victoria Falls, mpaka ku Bulawayo, kumene chipatala cha Ingutsheni chinatsegulidwa mu 1908 ndipo chinkalandira odwala ochokera kumpoto kwa Zambezi. Ku Nyasaland zinali chimodzimodzi: malo oyamba osungirako amisala anayamba mu 1910 m'kati mwa ndende ya Zomba. Mayi wa m'mudzi wa kufupi ndi mtsinje wa Luangwa akamva kuti mwana wake ali ku Bulawayo, kunali ngati amuuza za maliro opanda manda. Lamulo la 1949 la Mental Disorders linadzakhazikitsa dongosolo limeneli m'mabuku, ndipo linkagawa odwala m'magulu pogwiritsa ntchito mayina achipongwe amene lero munthu sangawatchule pagulu.

Mtunda unafupika mu 1962 pamene chipatala cha Chainama Hills chinatsegulidwa ku Lusaka, m'mphepete mwa msewu wa Great East Road, womwewo umene umakwera mapiri a Rufunsa n'kudutsa mphambano ya ku Mpanshya. Nthawiyo n'kuti mankhwala a chlorpromazine, amene madokotala a ku Paris anayamba kupatsa odwala misala mu 1952, atafala kale, ndipo odwala ambiri ankatha kukhazikika n'kubwerera kwawo. Dokotala Alan Haworth anagwira ntchito zaka zambiri pamenepo ndi kuphunzitsa pa University of Zambia. Koleji ya pa Chainama inaphunzitsa makiliniko ofesala a matenda a maganizo, ndipo ndi amenewa, osati madokotala aakulu, amene anasenza ntchitoyi m'zigawo. Pa mapewa awo panagweranso khunyu, popeza m'Zambia matendawa anakhala nthawi yaitali akuonedwa ngati nthambi ya misala. Izi zinathandiza kuti akhunyu apeze woti awaone, koma zinawonjezeranso manyazi, chifukwa dzina la Chainama linasanduka chotukwanira m'misewu ya Lusaka.

Zaka zomwezo, kutsidya kwa nyanja, makina a Berger anali atayamba moyo wachiwiri.

Berger mwini anali munthu wodabwitsa. Ali mnyamata ku usilikali anagwa pa hatchi n'kutsala pang'ono kupondedwa, ndipo tsiku lomwelo mlongo wake, ali kutali, anagwidwa ndi mantha mpaka anakakamiza bambo awo kutumiza telegalamu. Berger anakhulupirira kuti maganizo ake anauluka n'kukafika kwa mlongoyo, ndipo anathera moyo wake akusakasaka mphamvu imene inawanyamula. Sanaipeze. Chimene anapeza ndi EEG, njira ija yojambulira magetsi a ubongo, ndi mafunde otchedwa alpha, amene amagunda pafupifupi kakhumi pa sekondi munthu akatseka maso n'kukhala phee. Anazengereza zaka zisanu asanasindikize zimenezi mu 1929, ndipo anzake sanamukhulupirire mpaka Edgar Adrian ndi Bryan Matthews atatsimikiza ku Cambridge mu 1934. Chaka chotsatira, madokotala a ku Boston anasonyeza kuti mtundu wina wa khunyu uli ndi chidindo chake pa EEG, mafunde osongoka ogunda katatu pa sekondi. Kuyambira pamenepo makinawa anakhala chida chopimira khunyu, ndipo ntchito imeneyi palibe amaitsutsa mpaka lero.

Funso latsopano linali lakuti: ngati makina angathe kuwerenga ubongo, kodi ubongo ukaonetsedwa zimene makina akuwerenga, ungaphunzire kudzisintha? Joe Kamiya wa pa University of Chicago anayesa chakumapeto kwa zaka za m'ma 1950, ndipo anapeza kuti anthu ena amatha kuzindikira nthawi imene ali m'mafunde a alpha, ngakhalenso kuwachulukitsa akamamva kabelu kowauza kuti akhoza. Nkhani yake itatuluka m'magazini ya Psychology Today mu 1968, Amereka anaitengera pamwamba, ndipo timakina ta alpha tinagulitsidwa kwa anthu ofuna mtendere wa mumtima mwachidule.

Nkhani yogwira mtima kwambiri ndi ya amphaka a Barry Sterman ku Los Angeles. Sterman ankapatsa amphaka chakumwa nthawi iliyonse ubongo wawo ukatulutsa mafunde ogunda ka 12 mpaka 15 pa sekondi pa chigawo choyendetsa thupi, ndipo amphakawo anaphunzira kuwatulutsa pafupipafupi. Pambuyo pake anapatsidwa ntchito ina yosakhudzana ndi imeneyi, yofufuza kuopsa kwa mafuta a maroketi otchedwa monomethylhydrazine, amene amachititsa munthu kugwa ngati wakhunyu. Amphaka ambiri atabayidwa mankhwalawo anagwa msanga, koma ena anachedwa kwambiri ndipo ena sanagwe n'komwe. Atayang'ana m'mabuku ake, Sterman anapeza kuti olimbawo anali aja anawaphunzitsa kale. Mu 1972 anasindikiza za mtsikana wakhunyu amene kugwa kwake kunachepa ataphunzitsidwa mofananamo. Mu 1976 Joel Lubar wa ku Tennessee anatengera njirayi kwa ana osakhazikika m'kalasi, ndipo mu 1989 Eugene Peniston anaiyesa pa asilikali akale omwa mowa mwauchidakwa ku Colorado. Umu ndi mmene inabadwira neurofeedback.

Kachitidwe kake lero n'kosavuta kufotokoza. Wodwala amakhala pampando, timawaya tamatidwa pakhungu la pamutu, maso ali pa kompyuta. Palibe magetsi amene amalowa m'mutu mwake, mawayawo amangomvetsera. Ubongo ukatulutsa mafunde ofunidwa, kanema amawala kapena nyimbo imamveka bwino. Ukasochera, chithunzi chimazilala. Amabwereza zimenezi maulendo 30 kapena 40. M'mizinda ngati Johannesburg ndi Cape Town muli zipatala zaokha zimene zimagulitsa chithandizochi kwa makolo a ana osamvetsera, kwa osowa tulo, kwa ovutika ndi nkhawa.

Munthu wa ku Mpanshya ali ndi chifukwa chomveka chotcherera khutu ku nkhani imene inayambira pa khunyu. Chipatala cha mishoni cha St. Luke's, chimene amayendetsa masisitere a Katolika a Borromeo, chili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 200 kuchokera ku Lusaka, ndipo ndicho chimene anthu ambiri a m'boma la Rufunsa amadalira. Bomali linangopatulidwa ku Chongwe mu 2012, ndi lalikulu, midzi yake ndi yotalikirana. Zoyambitsa khunyu kumidzi ya kuno n'zodziwika. Malungo aakulu olowa muubongo amasiya zipsera: kafukufuku wa ku Blantyre amene anatuluka mu 2010 anapeza kuti mwa ana opulumuka malungo otere, pafupifupi mmodzi mwa khumi anadzayamba khunyu. Kubadwa movutikira ndi kuvulala m'mutu pa ngozi zimawonjezera. Ku Eastern Province ofufuza anapezanso kuti akhunyu ambiri ali ndi timphutsi ta nyongolotsi za nkhumba muubongo. Gretchen Birbeck, amene anayamba ntchito yake pa chipatala cha Chikankata m'zaka za m'ma 1990, anachita kalembera wa khomo ndi khomo n'kupeza akhunyu pafupifupi 14 pa anthu 1,000 alionse. Analembanso za zilonda za moto, zimene akhunyu ambiri amafika nazo kuchipatala chifukwa chogwera pa mafuwa, nthawi zina anthu akuopa kuwakoka.

Chowawa n'chakuti mankhwala a vutoli ndi akale kuposa EEG. Phenobarbitone anayamba kuperekedwa kwa akhunyu mu 1912, ndipo ndi mmodzi mwa mankhwala otchipa kwambiri padziko. Bungwe la WHO limati akhunyu okwana 70 pa 100 alionse angathe kusiya kugwa atalandira mankhwala oyenera mosadukiza, koma m'mayiko osauka atatu mwa anayi salandira. Mawu ovuta pamenepa ndi akuti mosadukiza. Wodwala akayenda tsiku lonse n'kupeza kuti mankhwala atha, kenako n'kugwa kwambiri kuposa kale chifukwa chosiya mwadzidzidzi, abale ake amati zachizungu zalephera, ndipo amabwerera kwa ng'anga. Ndani angawadzudzule?

Nanga neurofeedback yakhwima motani pa zaka 50 zimenezi? Apa mbiri yake imafooka. Makolo ndi odwala ambiri amanenadi kuti anathandizidwa. Koma asayansi atayamba kuyesa mwachinsinsi, kupatsa gulu lina mafunde enieni a ubongo wawo ndi gulu lina mafunde abodza ojambulidwa kale, popanda wodziwa kuti ndani ali kuti, zotsatira zinasintha nkhope. Mu 2016 gulu la Samuele Cortese linasonkhanitsa kafukufuku wa ana a ADHD, aja osakhazikika m'kalasi, n'kupeza kuti phindu limazimiririka ngati woyeza mwanayo sakudziwa chithandizo chimene walandira. Mu 2021 kafukufuku wa ku America wa ana 144, amene anaphunzitsidwa maulendo ofika 38, anasonyeza kuti magulu onse awiri anasintha bwino, koma mofanana. Wa Manuel Schabus ku Salzburg, wa anthu osowa tulo, anapeza zomwezo mu 2017. Ntchito ikupitirirabe, ndipo mu 2023 bungwe la FDA la ku America linaloleza chipangizo chotchedwa Prism kuti chizithandizira pa matenda obwera munthu akadutsa m'zoopsa. Komabe chimene chikuoneka poyera n'chakuti mbali yaikulu ya phindu imachokera pa kukhala ndi munthu wokusamala, sabata ndi sabata, amene akukulimbikitsa ndi kuyembekezera kuti uchira.

Ngati zili choncho, Zambia inayesa kale chinthu chimenechi popanda mawaya. Ku Lusaka, gulu la Laura Murray wa ku Johns Hopkins linaphunzitsa alangizi wamba, osapita ku sukulu ya udokotala, kuthandiza ana odutsa m'nkhanza ndi imfa za makolo. Mwa ana 257 amene zotsatira zawo zinatuluka mu 2015, zizindikiro za kuvulala mumtima zinatsika ndi pafupifupi 82 peresenti kwa olandira uphunguwo, poyerekeza ndi 21 peresenti kwa enawo. Ku Harare, Dixon Chibanda anakhazika agogo aakazi pa mabenchi a kunja kwa zipatala kuyambira mu 2006, ndipo kafukufuku wa 2016 anatsimikiza kuti njirayo imagwira. Benchi silifuna magetsi, ndipo aliyense amene anakhala m'Zambia mu 2024, madzi a ku Kariba atatsika n'kumakhala tsiku lathunthu mumdima, amadziwa kulemera kwa mfundo imeneyi. Maulendo 40 a basi kukwera ndi kutsika mapiri kukakhala patsogolo pa kompyuta ku Lusaka ndi ndalama zimene banja lolima chimanga ndi kuotcha makala silingazione.

Lamulo nalo linasintha, ndipo analisuntha ndi odwala eni ake. Gordon Mwewa, Sylvester Katontoka wa bungwe la Mental Health Users Network of Zambia ndi mnzawo wachitatu anakasuma ku High Court, ndipo mu 2017 khotilo linagamula kuti gawo 5 la lamulo la 1949, lija la mayina achipongwe, likuphwanya malamulo oyendetsera dziko. Mu 2019 nyumba ya malamulo inakhazikitsa Mental Health Act yatsopano, imene imalankhula za ufulu wa wodwala ndi za chithandizo choperekedwa pafupi ndi kwawo. Makina a Berger nawo anafika: pa University Teaching Hospital pali kopimira EEG, ndipo mu 2018 dzikoli linayamba kuphunzitsa lokha madokotala a mitsempha ndi ubongo, mothandizidwa ndi Deanna Saylor. Wakhunyu wa ku Rufunsa amene mankhwala akumukanika angathe tsopano kutumizidwa ku Lusaka kukapimidwa kuti adziwe mtundu wa khunyu lake, n'kubwerera ndi dzina la mankhwala oyenera.

Pa Mpanshya penipeni, chimene chasintha kwambiri m'zaka zaposachedwa ndi sukulu ya anamwino ndi azamba ya St. Luke's, imene bungwe la ku Switzerland la SolidarMed lakhala likuthandiza. Ophunzira ake sakhala pamalo amodzi. Amazungulira m'zipatala zina za kumidzi monga Katondwe, kuti azolowere ntchito ya kumene adzatumizidwe. Azamba amenewa akamachepetsa ana obadwa movutikira, ndiponso anamwino akamagwira malungo asanakwere muubongo, akuchepetsa khunyu la zaka 20 zikubwerazi. Mu Meyi 2022 mayiko a WHO, Zambia ili pomwepo, anagwirizana kuti pofika 2031 chiwerengero cha akhunyu olandira chithandizo chikwere ndi theka. Ku Rufunsa zimenezi zidzayezedwa pa timazipatala ta kwa Shikabeta ndi kwa Bunda Bunda, poona ngati botolo la phenobarbitone kapena carbamazepine lili pa shelefu mwezi uliwonse, ndiponso ngati pali namwino wolemba m'buku kuti wodwala uyu wagwa kangati chibwerereni ulendo watha.