Nambala Yosagawika ya Édouard Lucas

Asodzi a ku Chembe kapena kwa Makanjira akapha chambo 12 savutika pogawana, pakuti nsombazo zimaikika m'milu iwiri, itatu, inayi kapena isanu ndi umodzi yofanana. Koma zikakhala 13, palibe milu yofanana imene ingatheke, pokhapokha zonse zikhale mulu umodzi kapena iliyonse ikhale payokha. Nambala zotere, monga 2, 3, 5, 7, 11 ndi 13, ndizo zosagawika. Euclid adatsimikiza zaka zoposa 2,000 zapitazo kuti nambalazi zilibe malire. Vuto lidatsala pa kuzizindikira zikakula.

M'chaka cha 1644 wansembe wa ku France, Marin Mersenne, adalemba za mtundu wina wa nambalazi. Kapezedwe kake nkotere: munthu alemba 2 kangapo, achulukitsa ma 2 onsewo, kenaka achotsapo 1. Ma 2 atatu apereka 8, ndipo kuchotsapo 1 kutsala 7. Ma 2 asanu ndi awiri apereka 128, ndipo kuchotsapo 1 kutsala 127. Mersenne adanena kuti ma 2 akakhala 67, 127 kapena 257, nambala yotulukayo idzakhala yosagawika, koma umboni sadapereke.

Amene adapereka umboni ndi Édouard Lucas, wa ku France komweko. M'chaka cha 1876 iye adatsimikiza kuti ma 2 okwana 127 amabala nambala yosagawika iyi: 170,141,183,460,469,231,731,687,303,715,884,105,727. Malembo ake ndi 39. Kuyesa kuigawa ndi nambala imodziimodzi sikukadatheka ngakhale munthu akadakhala ndi moyo zaka zikwizikwi. Tsono Lucas adakonza njira yake yachidule, nawerengera zonse pamanja. Chokoma china pa nambalayi nchakuti 127 weniweniyo ndi wa mtundu wa Mersenne, choncho akatswiri amaiika m'gulu laling'ono la nambala za Mersenne zapawiri. Padapita zaka 75 wina asadapeze yoiposa, ndipo wopezayo, mu 1951, adachita kuthandizidwa ndi makina owerengera.

Pa 127 wansembe uja adalasa, koma pa 67 ndi 257 adaphonya. Mu 1903, pa msonkhano wa akatswiri a masamu ku New York, Frank Nelson Cole adaonetsa kuti nambala ya ma 2 okwana 67 imagawika ndithu: ndi 193,707,721 kuchulukitsa ndi 761,838,257,287. Akuti adangolemba pabolodi osayankhula kanthu, nakakhala pansi. Mawu a Mersenne adaakhala m'mabuku zaka zoposa 250.

Njira ya Lucas adaikonzanso Derrick Lehmer cha m'ma 1930, ndipo makompyuta adaitenga momwemo. Mu Okutobala 2024 Luke Durant wa ku America adapeza nambala yosagawika ya ma 2 okwana 136,279,841, yokhala ndi malembo 41,024,320. Poitsimikiza adagwiritsa ntchito njira yomwe ija ya Lucas ndi Lehmer.