Kugwiritsa Ntchito Mavayilasi Posintha Chibadwa cha Tizilombo

Alimi, amalonda ndi anthu onse akudziwitsidwa za njira imene akatswiri a sayansi amasinthira chibadwa cha tizilombo, monga mbozi, pogwiritsa ntchito mavayilasi.

Mmene njirayi imayendera

M'maselo a chamoyo chilichonse muli malangizo a chibadwa otchedwa majini. Vayilasi sachulukana payekha. Amalowa m'selo n'kulichititsa kutsatira majini ake. Akatswiri amaika jini yomwe akufuna mwa vayilasiyo kuti akaitule m'maselo a kachilombo, ndipo maselowo amayamba kupanga puloteni imene jiniyo ikulamula. Mavayilasi odalirika pa ntchitoyi ndi a gulu la baculovirus, omwe amagwira mbozi koma sachulukana m'thupi la munthu kapena la chiweto.

Zimene zapindulidwa

Njirayi inayambika mu 1983 ku yunivesite ya Texas A&M ku America. Mu 1985, Susumu Maeda ndi anzake ku Japan anachititsa mbozi zopanga ulusi wa silika kutulutsa interferon, puloteni ya m'thupi la munthu yolimbana ndi matenda. Katemera wa fuluwenza wotchedwa Flublok, amene anavomerezedwa ku America mu 2013, amapangidwa m'maselo ochokera ku ntchemberezandonda za mtundu wa fall armyworm. Mbozi zimenezi ndi zomwe zinawononga chimanga m'Malawi mu 2017.

Malire ake

Kawirikawiri kusinthaku kumathera pa mbozi yomwe yalandira vayilasi, ndipo sikupita kwa ana ake. Pofuna kusintha kofika ku mibadwo yotsatira, akatswiri amabaya mazira a kachilombo ndi kachidutswa ka DNA kotchedwa piggyBac, kamene kamalowetsa jini m'chibadwa chenicheni cha kachilomboko.

Zofunika kusiyanitsa

Pali mankhwala opopera mbozi m'munda opangidwa ndi baculovirus wachilengedwe, yemwe majini ake sanasinthidwe. Mankhwalawa amapha mbozi zikadya masamba opoperedwa, ndipo cholinga chake si kusintha chibadwa chawo. Alimi awerenge zolembedwa pa botolo ndi kufunsa mlangizi wa zaulimi asanagule.

Zimene lamulo likunena

M'Malawi, zamoyo zosinthidwa chibadwa zimayang'aniridwa ndi lamulo la Biosafety Act la 2002. Aliyense wofuna kulowetsa m'dziko, kuyesa kapena kumwaza zamoyo zotere ayenera kupeza chilolezo kaye. Amalonda akukumbutsidwa kuti kachilombo kakatayidwa kutchire n'kuyamba kuswana, n'kovuta kukabwezanso.