Komwe matayala a radial amachita bwino pa njinga za ATV

Matayala a mtundu wa radial amachita bwino pa njinga zamoto za matayala anayi, zodziwika ndi dzina loti ATV, zikamayenda pa dothi lolimba ndi mumchenga, koma sachedwa kung'ambika m'mbali pa malo a miyala yakuthwa ndi zitsa.

Njingazi, zomwe zimagwira ntchito m'minda ikuluikulu ndi m'malo osungira nyama zakutchire, zinayamba kutchuka kampani ya Honda itatulutsa ya matayala atatu m'chaka cha 1970. Ya matayala anayi inabwera ndi kampani ya Suzuki mu 1982.

Luso lopanga tayala la radial linalembetsedwa ndi kampani ya Michelin ya ku France mu 1946. Ulusi wa m'kati mwa tayalali umadutsa molunjika kuchokera m'mphepete mwina kukafika m'mphepete mwinamo, ndipo pansi pa mano ake pamakhala lamba wolimba. Mu tayala la mtundu wakale wa bias, ulusi umasanjikizana mopingasa monga kalukidwe ka lichero.

Kaamba ka kusiyanaku, mbali za radial ndi zofewa ndipo zimapindika pazokha pamene mano ali chigwirire pansi, pomwe bias ndi lolimba paliponse.

Pa msewu wafumbi wouma, radial limagwira bwino, silitentha msanga ndipo mano ake amachedwa kutha. Woyendetsa sagwedezeka kwambiri m'mabampu, zomwe zimathandiza pa ulendo wautali.

Mumchenga, chofunika n'chakuti tayala lisatitimire. Radial likachepetsedwa mpweya pang'ono limatambasuka n'kuponda malo aakulu, motero njinga imadutsa pamwamba m'malo mokumba dzenje.

M'matope, monga a m'dambo nthawi ya dzinja, kapangidwe ka m'kati sikathandiza kwenikweni. Chomwe chimaolotsa njinga ndi mano ataliatali komanso otalikirana, omwe amataya okha matope tayala likamazungulira. Radial la mano afupiafupi limadzaza makande n'kumangozungulira pamodzimodzi.

Pa miyala, radial limakumbatira mwala n'kukwera mosavuta, koma mbali zofewa zija zimatumphukira kunja komwe mwala wakuthwa kapena chitsa chitha kuzicheka. Bowo la pakati pa mano limamatika, koma tayala long'ambika m'mbali nthawi zambiri limatayidwa. Pa chifukwa ichi, bias, lomwe ndi lotsikirapo mtengo, ndi loyenera m'munda wongoswedwa kumene komanso ponyamula katundu wolemera pa liwiro lochepa.

Pa msewu wa phula, palibe tayala lomwe limachotsa chiopsezo. Makampani opanga njingazi amachenjeza kuti si zoyendera pa phula, mwa zina chifukwa zambiri matayala ake akumbuyo amazungulira pa liwiro limodzi ngakhale pokhota, zomwe zingachititse njinga kugubuduzika.

Mpweya nawo ndi wofunika kuusamala. Matayala a ATV zambiri amapopedwa pakati pa 3 ndi 7 psi, pomwe a galimoto yaing'ono amafuna pafupifupi 30 psi. Mpweya ukachuluka tayala limadumphadumpha, ukachepetsetsa limatha kuvuka pa limu, ndipo ukasiyana kumanja ndi kumanzere njinga imakokera mbali imodzi. Mulingo woyenera umalembedwa pa njingayo ndi m'buku lake.

Wogula angazindikire mtundu wa tayala poona manambala a m'mbali mwake. Lolembedwa 25x8R12 ndi radial lotalika mainchesi 25, mulifupi mainchesi 8, loyenera limu ya mainchesi 12, pomwe pa bias pamakhala kamzere m'malo mwa R.

Mitundu iwiriyi siyenera kusakanizidwa pa njinga imodzi popeza imapindika mosiyana pokhota. Mwini njinga ayenera kuona kaye malo omwe imayenda kawirikawiri, kenako n'kugula matayala onse anayi a mtundu umodzi.